Banquo sanakhaleko, mafumu a Stuart makolo awo anachokera ku Brittany

Mayi, funso lanu ndi lalikulu moti mizere iwiri singakwane, nde mundipirire. Mwati mwana wanu wa fomu 4 akuwerenga Macbeth, sewero la Shakespeare, kusukulu awauza kuti mafumu a banja la Stuart a ku Scotland ndi zidzukulu za Banquo monga zinalosera mfiti za m'seweromo, ndiye mukufuna kudziwa ngati zili zoona, komanso kuti anthu amadziwa bwanji kholo la munthu amene anamwalira zaka pafupifupi 900 zapitazo.

Choyamba mwanayo asasokonezeke, pamayeso ayankhe molingana ndi sewerolo basi. Koma kunena za mbiri yeniyeni, Banquo sanakhaleko. Macbeth analipodi, analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, Duncan, mfumu imene Macbeth amaipha m'seweromo, nayenso analipo ngakhale kuti anafera kunkhondo ali wachinyamata osati kubayidwa pabedi ali nkhalamba, koma Banquo ndi mwana wake Fleance simungawapeze m'chikalata chilichonse cha nthawi imeneyo. Nkhani yawo inatchuka ndi Hector Boece, mkulu woyamba wa King's College ku Aberdeen, amene anatulutsa buku la mbiri ya Scotland mu 1527, patapita zaka 470 Macbeth atamwalira. Iyeyo ndiye analemba zoti Banquo anali mfumu ya dera la Lochaber, ataphedwa Fleance nkuthawira ku Wales, kumeneko nkupereka mimba kwa mwana wa mfumu, mwana wobadwayo Walter nkubwerera ku Scotland kudzakhala kapitawo wa nyumba ya mfumu. Boece ankalemba nthawi ya James V, mfumu ya banja lomwelo, nde mukuona kuti nkhani yonena kuti banjali ndi la eni nthaka kuyambira kalekale inali yokoma kuimva kunyumba yachifumu. Holinshed, wolemba mbiri wa ku England, anaitenga kwa Boece, Shakespeare nkuitenga kwa Holinshed cha m'ma 1606, James VI wa ku Scotland atangolowa kumene ufumu wa England mu 1603. Ndipo onani, kwa Holinshed Banquo anathandizana ndi Macbeth kupha Duncan, koma m'seweromo wayeretsedwa, chifukwa ndani akanalimba mtima kuonetsa kholo la mfumu likupha mfumu inzake? Mafumu 8 aja amene amadutsa pamaso pa Macbeth, womaliza atanyamula galasi, ndi mzera wa James yemweyo.

Tsono zoona zake zinadziwika bwanji. Apa ndi pamene ine pamandisangalatsa kwambiri, chifukwa sizinachokere m'mabuku a mbiri okhala ndi nkhani zokoma ayi, zinachokera m'zikalata za malo, zinthu zoti munthu wamba akhoza kugona akuziwerenga. Tangoganizani kachikopa ka nkhosa kofufutidwa bwino, kolembedwa m'Chilatini, kakunena kuti mfumu yakuti yapereka munda wakuti, tchalitchi chakuti ndi malo ophera nsomba akuti kwa amonke a nyumba yakuti. Mmunsi mwake muli mndandanda wa mboni zimene zinalipo tsikulo, mabishopu poyamba kenako akuluakulu ena motsatana ndi maudindo, ndipo pansi penipeni pakulendewera chidindo cha phula. Mboni zambiri zimalembedwa dzina lake ndi la bambo ake, nthawi zina ndi udindo womwe. Wolemba uja sankafuna kukweza banja la munthu, nkhawa yake inali yoti mawa wina asadzalande mundawo, nchifukwa chake tikhoza kumukhulupirira. Amonke ankakopera zikalatazi m'mabuku awo ndi kuzisunga ngati diso popeza ndi umboni wa chuma chawo.

M'zikalata za David I, amene analamulira 1124 mpaka 1153, mumayamba kuoneka mboni ina yotchedwa Walter mwana wa Alan, kapena Walter fitz Alan, cha m'ma 1136, kenako dzinalo limabwera ndi udindo wa kapitawo wa nyumba ya mfumu. Mfumu yotsatira, Malcolm IV, inadzatsimikiza kuti udindowo uzikhala wa m'banja, pamodzi ndi malo aakulu ku Renfrew, Paisley ndi kwina. Walter ameneyu ndiye kholo la banjali ku Scotland, anamwalira mu 1177. Ukapitawo umenewu pa Chingerezi ndi steward, ndipo mdzukulu wake, nayenso Walter, ndiye anayamba kuugwiritsa ntchito ngati dzina la banja m'zaka za m'ma 1200, Stewart. Kalembedwe ka Stuart kanabwera mochedwa kudzera ku France, kumene Mary Queen of Scots anakulira.

Funso linatsala nlakuti Alan bambo ake a Walter anali ndani, poti m'zikalata za ku Scotland saonekamo ngati munthu wa kumeneko. George Chalmers ndiye anatsegula njira mu 1807, ndipo chimene chinamuthandiza ndi amonke. Cha m'ma 1163 Walter anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Paisley, koma amonkewo sanawatenge pafupi, anakawatenga ku Much Wenlock m'dera la Shropshire ku England, kumalire ndi Wales, ndipo mmodzi mwa oyera mtima amene nyumbayo inaperekedwa kwa iwo ndi Milburga, woyera mtima wa ku Wenlock komweko. Munthu wobadwira ku Lochaber angakafune chani ku Shropshire? Mukapita m'zikalata za ku Shropshire mukupeza William fitz Alan, mwini Oswestry, mwana wa Alan fitz Flaad, wa nthawi imodzimodzi ndi Walter. Anali pachibale, mkulu ndi mng'ono wake. Mkuluyo anatsala ndi malo a bambo ku England, zidzukulu zake nkudzakhala ma Earl a Arundel, wamng'onoyo nkupita kumpoto kukasaka mwayi kwa David I, amene anakulira kunyumba yachifumu ya England ndipo ankaitana anthu ngati amenewa, banja la Bruce linalowanso choncho. Palinso umboni wina umene ine ndimauona wamphamvu, m'zaka za m'ma 1330 Edward III wa ku England akumenya nkhondo ku Scotland, Richard FitzAlan Earl wa Arundel ananena kuti ukapitawo wa Scotland ndi wa m'banja mwake ndipo anaugulitsa kwa mfumuyo. Kaya zonena zakezo zinali ndi mphamvu pamalamulo kapena ayi, zikuonetsa kuti patapita zaka 200 mabanja awiriwa ankadziwabe kuti ndi amodzi.

Ndiye J. Horace Round, munthu amene ntchito yake yambiri inali kugwetsa mizera yabodza ya mabanja otchuka, anadzaponya phazi lina mu 1901. Anafufuza zikalata za amonke ku France nkupeza kuti banja la Alan fitz Flaad linali la ku Dol, katauni ka ku Brittany, dera la ku France masiku ano, ndipo kumenekonso anali akapitawo, a bwana wa Dol. Flaad yemweyo akuoneka ngati mboni ku Monmouth cha m'ma 1101, pa nyumba ya amonke imene inali nthambi ya Saint-Florent ya ku Saumur. Alan anapatsidwa malo ku Norfolk ndi ku Shropshire ndi Henry I, amene analowa ufumu wa England mu 1100 ndipo ankakonda kukweza anthu a ku Brittany ndi kumadzulo kwa Normandy amene anamuthandiza asanakhale mfumu. Nde mzera wake ndi Flaad, Alan, Walter. Kuseri kwa Flaad akatswiri amakanganabe za mmene maina a akapitawo a ku Dol amalumikizirana, ndipo wofufuza wabwino amaima pomwepo, sakakamiza. Mukaona pa intaneti mtengo wa banja umene ukupitirira mpaka kukafika kwa mafumu a ku Troy kapena kwa Nowa, dziwani kuti wina anangolumikiza maina ofanana.

Maganizo anga, nkhani ya Fleance mwina ili ndi kachidutswa ka chikumbutso chenicheni. Flaad ndi Fleance maina ake akuyandikana, ndipo Oswestry ili pakhomo penipeni pa Wales. Zikuoneka ngati banjali linkakumbukira kuti agogo anadzera cha ku Wales, kenako olemba anadzazapo zotsalazo mokomera mfumu. Awa ndi maganizo chabe, chikalata chake palibe.

Za mmene akapitawo anasandukira mafumu, ufumu unadzera kuchikazi. Walter, kapitawo wa nambala 6, anamenya nawo nkhondo ya Bannockburn mu 1314 kumbali ya Robert Bruce, mu 1315 nkukwatira Marjorie mwana wa mfumuyo, mu 1316 nkubadwa Robert. Marjorie sanakhalitse, anamwalira mwana ali wakhanda. Robert Bruce anadzabereka mwana wamwamuna David mu 1324 kwa mkazi wachiwiri, moti mphwake anali wamkulu kuposa malume ake ndi zaka 8. David II atamwalira wopanda mwana mu 1371, mpando unapita kwa Robert II ali ndi zaka zoposa 50, mwana wa mlongo kulowa ufumu wa malume ake monga timachitira Achewa, kungoti kumeneko sunali mwambo, inali nyumba ya malamulo imene inagwirizana kale mu 1318 kuti zikadzavuta zidzatero. Kuchoka apo banjali linakhala pampando, kupatula zaka zochepa, mpaka mfumukazi Anne anamwalira mu 1714.

Mwina mungafunse kuti bwanji bodza la Banquo linakhala zaka pafupifupi 300 osagwidwa. China nchakuti zikalata za boma la Scotland zinaonongeka kwambiri. Edward I wa ku England anatenga zambiri mu 1296, ndipo zochuluka sizinabwerere. Asilikali a Oliver Cromwell wa ku England atalanda Stirling Castle mu 1651 anatumiza zina ku London, pozibweza mu 1660 sitima imodzi inamira panyanja ndi migolo yodzaza zikalata. Zimandiwawa ndikaganiza kuchuluka kwa maina amene anapita pansi pa nyanja tsiku limenelo. China nchakuti umboni wa banjali unali womwazikana m'maiko atatu, Scotland, England ndi France, nde pankafunika munthu woti awerenge konseko nkuzindikira kuti Alan wa uku ndi Alan wa uko ndi munthu mmodzi. Ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa m'banja limeneli muli ma Walter ndi ma Alan ambirimbiri, dzina kufanana sikokwanira, pamafunika zaka zigwirizane, malo agwirizane, udindo ugwirizane, ndi mboni zinzake zikhale zomwezo.

Masiku ano kwabweranso DNA, makamaka ya Y imene imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna osasintha kwenikweni. Ofufuza a ku yunivesite ya Strathclyde ku Glasgow anayeza amuna amene mapepala awo amaonetsa bwino mzera wawo, nkupeza kuti kachizindikiro kotchedwa S781 kali mwa zidzukulu za Sir John Stewart wa ku Bonkyll, amene anafera pankhondo ya Falkirk mu 1298, koma mulibe mwa zidzukulu za mchimwene wake James, kapitawo wa nambala 5. Kutanthauza kuti kusinthako kunayambira mwa John yemweyo. Lord Darnley, amene anakwatira Mary Queen of Scots mu 1565 nkubereka James VI, anali wa mzera wa Bonkyll umenewu, choncho James VI anali Stewart kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Koma onani kuti DNA payokha sikanatchula dzina la munthu, inagwira ntchito chifukwa mapepala analipo kale oti aifananize nawo.

Ndaonanso mu ndemanga wina wanena kuti mnzake wa ku Scotland dzina lake ndi Stewart nde ndi wachifumu. Osathamanga. Robert II anabereka ana ambiri zedi, m'banja ndi kunja komwe, moti zidzukulu zake zilipodi zochuluka, koma anthu enanso anatenga dzinali chifukwa ankakhala pamalo a bwana wa dzinalo, ena makolo awo anali akapitawo a mabwana ena ang'onoang'ono. Amene akufuna kudziwa zake ayambire kwa iye mwini kubwerera mmbuyo, m'badwo umodzi umodzi, osati kuyambira kwa mfumu kutsika. Ku Scotland boma linayamba kulemba obadwa, okwatira ndi omwalira mu 1855, zisanafike pamenepo mumadalira mabuku a m'matchalitchi, lakale kwambiri ndi la 1553 koma m'madera ambiri makamaka kumapiri anayamba mochedwa kwambiri, nde mabanja ambiri wamba mzera umaduka cha m'ma 1700. Zonsezi zili pa ScotlandsPeople, tsamba la National Records of Scotland, kusaka dzina ndi ulere koma kuona pepala lenilenilo mumalipira.

Mwana wanuyo ngati ali ndi chidwi, pali tsamba lina laulere lotchedwa People of Medieval Scotland, anasonkhanitsapo anthu otchulidwa m'zikalata za 1093 mpaka 1371. Alembepo Walter son of Alan aone yekha zikalata zimene anachitira umboni, malo amene anapereka kwa amonke a ku Paisley ndi anthu amene ankakhala nawo pamodzi pamaso pa mfumu, kenako alembepo Banquo aone ngati patuluke kanthu. Akafuna thandizo powerenga mundiuze pompano, tidzadutsamo limodzi chikalata chimodzi.