Kodi katswiri amene ali m'ndale tingamukhulupirire pa nkhani ya Palestine?

Achimwene, mwafunsa ngati tingakhulupirire mabuku a akatswiri a ku Palestine, poti ambiri mwa iwo ndi omenyeranso ufulu. Ine ndikuti inde, bola umboni wawo uikidwe poyera kuti ngakhale wotsutsana nawo athe kuusanthula.

Pa nkhondo ya mu 1948, Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi mwawo, ndipo analibe boma lowasungira zikalata. Akanalemba mbiri yawo ndani? N'chifukwa chake mu 1963 a Walid Khalidi ndi anzawo anayambitsa bungwe lofufuza za Palestine la Institute for Palestine Studies ku Beirut m'dziko la Lebanon, kenako mu 1965 bungwe lomenyera ufulu wa Apalestina la PLO linatsegula likulu lake la kafukufuku mumzinda womwewo. Mkulu wa likululi, a Anis Sayigh, analandira kalata mu 1972. Poitsegula inawaphulikira m'manja, zala zina zinaduka, maso n'kuwonongeka. Mu 1982 asilikali a Israel atalowa mu Beirut ananyamula mabuku ndi mafayilo a likululi, n'kudzabweza chaka chotsatira posinthana akaidi. Munthu ngati a Sayigh mungamuuze bwanji kuti asiye ndale? Zinamupeza ali pa desiki pake, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Buku la a Khalidi la mu 1992, All That Remains, limatchula midzi 418 ya Apalestina imene inasiyidwa mabwinja mu 1948, uliwonse ndi dzina lake, chiwerengero cha anthu, malo ake, ndi chimene chatsalapo. Pena ndi miyala ya manda basi. Wokayika akhoza kupita kukaona yekha.

Tsono taonani a Benny Morris, katswiri wa ku Israel amene ndale zake n'zotalikirana kwambiri ndi za a Khalidi. Iwo anafufuza m'zikalata za boma la Israel zitatsegulidwa, ndipo analemba okha kuti anthu a ku Lydda ndi Ramle anachita kutulutsidwa ndi asilikali mu July 1948.

Chimene ndimaopa ine ndi katswiri wobisa zolakwa za mbali yake. A Edward Said, katswiri wina wa ku Palestine, sanatero. Anakhala m'Palestinian National Council, nyumba ya malamulo ya PLO, kuyambira 1977 mpaka 1991, koma mgwirizano wa Oslo wa mu 1993, wa pakati pa PLO ndi Israel, anaudzudzula mosapsatira, mpaka mu 1996 ulamuliro wa a Yasser Arafat, mtsogoleri wa PLO panthawiyo, unachotsa mabuku awo m'masitolo a ku Gaza ndi West Bank. Yambani ndi a Khalidi ndi a Morris, muwawerengere limodzi.