Kagalu ka woweta wa ku Tete kapena ka kwa aneba?

Funso: Ndimakhala ku Ulongwe, ndipo akuba atibera nkhuku kawiri chaka chino. Ndikufuna galu wolondera pakhomo. Bambo wina wa mumzinda wa Tete akutsatsa tiagalu ta German Shepherd pa WhatsApp, mametikali 8,000 kamodzi, akuti adzakatumiza pa chapa (minibasi). Galu wa aneba athu nayenso waswa, iwo akungofuna nkhuku imodzi. Nditenge kati? Mayi wa ana atatu, Angónia.

Yankho: Amayi, musanatulutse ndalama kapena nkhukuyo, kaoneni kaye make wa kagaluko ndi maso anu. Ine zimenezi ndidaziphunzira ndi misozi. Ndidagulapo kagalu m'katoni m'mbali mwa msewu ku Zóbuè, konenepa bwino. Patangotha masiku anayi kadayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi onunkha. Kadagona pansi pa nkhokwe, mwana wanga akukadonthezera madzi ndi supuni, mpaka kadafa. Adali matenda a parvovirus, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, moti pabwalo panga padatha chaka popanda galu.

Woweta wosamala sakana kuti mufike pakhomo pake. Amakuonetsani make, pogona tianato, ndi kabuku ka katemera kodindidwa ndi dokotala wa ziweto. Katemera woyamba amabaya pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha masabata 3 kapena 4 mpaka kagalu kakwane masabata 16. Wa chiwewe amabaya pa miyezi 3. Kagalu sakachotsa kwa make kasanakwane masabata 8. Agalu a mtundu wa German Shepherd ambiri amavutika ndi m'chiuno, nthenda yotengera kwa makolo, ndiye pemphani muone mmene make ndi bambo ake akuyendera. Wa ku Teteyo akavomera zonsezi, ndi munthu wabwino, pitani nokha mukatenge. Akamangoti "tumizani pa M-Pesa, kafika mawa", musiyeni. Ndipo zoika kagalu kakhanda kokha m'chapa, kuchoka ku Tete kumene mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, ine sindingavomere.

Kwa anebawo muli ndi mwayi umene ndalama sizigula: make mumamudziwa. Mukudziwa ngati amauwa usiku, ngati adalumapo mwana. Galu wakumudzi adazolowera kuzizira kwa ku Angónia, ndipo sadya zambiri. Koma kawirikawiri tiagalu totere sitinalandirepo katemera kapena mankhwala a njoka za m'mimba. Mukaona kamimba kotupa ndi ubweya woyoyoka, ndi njokazo.

Ndikadakhala inu, ndikadatenga ka anebako, malinga make ali wathanzi. Apempheni kayamwe mpaka masabata 8, inu mupite ku ofesi ya SDAE pa boma, yomwe imaonanso za ulimi ndi ziweto, mukafunse alangizi a ziweto za katemera. Wa chiwewe musamuphonye, pakhomo pali ana atatu.