Kamera yoyamba ya DSLR ndi malenzi ake: yankho kwa achemwali a ku Kasungu

Achemwali, mwafunsa kuti mugule DSLR (kamera yosintha malenzi, yokhala ndi kagalasi mkati) iti pakati pa Canon ndi Nikon popeza mukufuna kuyamba kujambula zinkhoswe, maukwati ndi zochitika za kutchalitchi kuno ku Kasungu, ndipo mwati wina wakuuzani kuti musayerekeze kugula kamera yosafika ma megapixel 24 (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi). Malangizo anga ndi akuti ndalama zanu zisathere pa kamera yeniyeniyo. Gulani yotsika mtengo, ngakhale yogwirapo kale ntchito, kuti zotsalazo mugulire lenzi yabwino, chifukwa kukongola kwa chithunzi kumachokera kwambiri ku lenzi ndi kuwala kusiyana ndi dzina lolembedwa pa kamera.

Za Canon ndi Nikon musataye nazo tulo, zonse ndi zabwino. Funsani ojambula anzanu a pa boma pano kuti ambiri ali ndi mtundu uti, nanunso mutenge womwewo, kuti tsiku limene batire lakutherani pakati pa mwambo mukhale ndi kobwereka. Kumbali ya Nikon yang'anani D3300, D3500 kapena D5600. Kumbali ya Canon pali 600D, 700D, 2000D ndi 250D. D3500, yomwe inatuluka mu 2018, imatha kujambula zithunzi zoposa 1,500 batire likadzaza kamodzi, ndipo zimenezi si zazing'ono mukapita ku chinkhoswe kwa Santhe kapena ku Chamama pa nyumba yopanda magetsi. Koma ngati mudzafunanso kujambula vidiyo, dziwani kuti D3500 ndi 2000D zilibe polumikizira maikolofoni, pamene D3300 ndi 700D zili napo ngakhale ndi zakale. Nkhani ya ma megapixel ija ndi yokokomeza chabe. Canon 600D ili ndi 18 okha, koma chithunzi chake chimakwanira kuchapitsa chachikulu chopachika pabalaza, ndipo zambiri mwa zithunzi zanu zidzathera pa WhatsApp ndi Facebook kumene amazichepetsa ndithu.

Makamera amenewa kawirikawiri amabwera ndi lenzi ya 18-55mm. Musaipeputse, pakuti panja masana imagwira bwino ntchito, ndipo ndi imene mudzajambulire gulu la achibale atandanda kuseri kwa akwati. Vuto lake limaonekera m'tchalitchi kapena muholo madzulo. Mukaikokera ku 55mm, khomo lake lolowera kuwala limachepa kufika pa f/5.6, kamera imachedwa kutseka, ndiye wovina pa perekaniperekani amatuluka ngati mzukwa. Apa ndi pamene pafunika lenzi yachiwiri ya f/1.8, yomwe imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6, komanso imachititsa kuti za kumbuyo kwa munthu zizimiririke kotero kuti nkhope ya mkwatibwi imaoneka yokha, osati pamodzi ndi mipando yapulasitiki ndi njinga zoyedzamira khoma.

Mukatenga Canon, gulani EF 50mm f/1.8 STM, imodzi mwa malenzi otsika mtengo kwambiri a kampaniyi. Mukatenga Nikon, ine ndingasankhe AF-S DX 35mm f/1.8G. Chifukwa chake n'chakuti sensa (kachipangizo kamkati kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) ya makamera ang'onoang'onowa ndi yocheperako kusiyana ndi ya makamera akuluakulu, choncho 50mm imaona mopanikiza ngati 75mm pa Nikon kapena 80mm pa Canon. Pojambula nkhope ya munthu mmodzi zimenezi n'zabwino kwambiri, koma m'chipinda chimene akumuvekera mkwatibwi mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma anthu asanakwane m'chithunzi. Lenzi zimenezi sizikoka. Wosuntha ndinu, ndipo ndi mmene munthu amaphunzirira msanga poima.

Pali msampha umodzi wa Nikon umene ogulitsa ena satchula. Lenzi yakale ya AF 50mm f/1.8D imalowa bwinobwino pa D3300, D3500 ndi D5600, mtengo wake n'ngokopa, koma siyidzilunjika yokha pa makamera amenewa chifukwa alibe mota yoiyendetsa, ndipo mudzakhala mukupotokola ndi dzanja mwambo ukupitirira. Onetsetsani kuti palembedwa AF-S. Nayo Canon ili ndi kake: ma 2000D ambiri ndi 250D alibe kachitsulo kapakati pamene pamakhala fulashi, motero mafulashi ena a makampani ena sayaka. Yesani fulashiyo pa kamera musanapereke ndalama.

Popeza mwina mugula yogwirapo kale ntchito ku Lilongwe kapena kudzera mwa m'bale wa ku Johannesburg, musalipire kamera imene simunaigwire, kapena imene munthu womukhulupirira sanaiyese. Funsani shutter count, kutanthauza kuchuluka kwa zithunzi zimene yajambulapo. Makamera a oyamba kumene anapangidwa kuti afike pafupifupi 100,000, ndiye yomwe yayandikira pamenepo mtengo wake utsike kwambiri. Chotsani lenzi, muunike mkati ndi tochi ya foni: mukaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, isiyeni. Kenako jambulani khoma loyera pa f/16 (khomo la kuwala litachepa kwambiri) ndi kukulitsa chithunzicho. Timadontho takuda ndi fumbi la pa sensa, lomwe limachotseka, koma likuuzani mmene mwini wake ankaisamalira. Chaja ikhalepo, ndipo batire likhale lenileni.

Ena amanena kuti DSLR yatha fasho. N'zoona kuti kuyambira 2018, pamene Canon inatulutsa mtundu wa RF ndipo Nikon wa Z, makampaniwa aika mtima pa makamera a mirrorless, omwe alibe kagalasi mkati. Kwa inu zimenezi n'zokomera, chifukwa amene akusamukira kumeneko akugulitsa ma DSLR ndi malenzi awo motsika, ndipo malenzi awiri ndatchulawa adzagwirabe ntchito pa mirrorless kudzera pa adaputa.

Lenzi yokoka patali idikire kaye. Mukadzafuna njovu za ku Lifupa mu Kasungu National Park, mudzayang'ane EF-S 55-250mm IS STM ya Canon kapena AF-P DX 70-300mm VR ya Nikon. Zilembo za IS ndi VR ndi zimene zimachepetsa kunjenjemera kwa manja, ndipo 75-300mm ya Canon yopanda IS, imene amakonda kuphatikiza pa malonda, sindikulangizani. Pakalipano ndalama zotsala zipite ku batire lachiwiri, mamemori khadi awiri a 32GB m'malo mwa limodzi lalikulu, ndi chikwama chotseka bwino. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala musasinthire lenzi panja pa fumbi, ndipo m'dzinja muziika m'chikwamamo timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato, kuti chinyezi chisabweretse chuku.