Tauni yatipeza pamudzi: tigulitse dimba kapena tidikire chitukuko?

FUNSO: Bambo mlangizi, ndimakhala m'mudzi wina kuseri kwa Matawale, panjira yopita ku Jali. Usiku magetsi a m'tauni timawaona bwinobwino, koma ife timayatsa tochi. Mjigo ndi umodzi mudzi wonse, nawonso sukhalira kuwonongeka. Tikapita kukadandaula, ofesi ina imati ndife akumudzi, inanso imati tayandikira tauni, tidikire. Pakadali pano anthu a ndalama akugula mapuloti, ndipo malume akufuna kugulitsa dimba limene anatisiyira mayi athu kwa munthu wofuna kumanga nyumba za lendi. Kodi boma lili ndi ndondomeko yanji pa midzi ngati yathuyi? Nanga tilole dimbalo lipite? Ndine mayi wa ana anayi, Zomba.

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi dimbalo chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo. Musalole, makamaka chaka chino musanakhale pansi ngati mbumba.

Ndili pantchito ya ulangizi ndinaona banja lina mbali ya ku Chinamwali likugulitsa dimba la m'mbali mwa mtsinje. Ndalama zinagula njinga yamoto ya kabaza ndi malata angapo. Wogulayo anazula chinangwa, n'kuzika timiyala ta simenti m'makona anayi, kenaka anaumba njerwa pomwepo. Dzenje limene anakumbamo dothi linadzaza madzi a mvula, mwaswana udzudzu. Patatha zaka ziwiri njinga ija inali itafa injini, yatsamira khoma kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Mayi wa pakhomopo, amene kale ankanyamula dengu la mpiru ndi tomato kupita nalo kumsika waukulu wa Zomba, ndinamupeza akuchapa zovala za alendi pamalo omwe ankathirira mbewu zake.

Kuyandikira tauni ndi chuma kwa munthu amene ali ndi dimba. Mlimi wa ku Chingale amalipira thiransipoti yambiri kuti tomato wake afike mumzinda, wina n'kuphwanyika panjira. Inu mutha kuthyola ndiwo m'bandakucha, dzuwa likamatuluka mwafika kale kumsika wa Mpondabwino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mumzinda wa Zomba, ndipo onsewa amadya tsiku ndi tsiku: ophunzira a ku yunivesite amene adzaza nyumba za ku Chikanda, asilikali, apolisi, odwala ndi owadikirira kuchipatala. Wogula puloti uja waona zomwezo, n'chifukwa chake akufulumira.

Tsono za malamulo. Kuno kwathu malo amayenda kuchikazi, malume ndi woyang'anira mbumba, si mwini wa dimba la mlongo wake. Komanso lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linaika nkhani za malo m'manja mwa komiti ya malo ya pamudzi. Wapampando wake ndi a gulupu, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Kudzera mu komitiyi banja litha kulembetsa malo ake n'kulandira chikalata. Kapepala kolembedwa ndi bolopeni pansi pa mtengo wa mango, kodindidwa ndi a nyakwawa okha, ndiko kamene kamadzaza mabwalo a milandu. Pitani ku ofesi ya za malo kwa DC mukafunse kuti ntchito yolembetsa yafika pati kwanuko, ndipo mupite awiri ndi mchemwali wanu.

Za ndondomeko ya boma, ndinene mosabisa: midzi ya m'mphepete mwa tauni imagwa pampata. Zomba ili ndi makhonsolo awiri. Ya mzinda, popeza Zomba anaikweza kukhala mzinda mu 2008, imasamala za mkati mwa malire ake, kumene eni nyumba amalipira msonkho wa mzinda. Ya boma la Zomba imasamala midzi yonse ya mafumu monga Mwambo, Chikowi, Malemia, Mlumbe ndi Kuntumanje, anthu opitirira 700,000 mpaka kunyanja ya Chilwa. Pogawa zochepa zimene zilipo, maso amathamangira kumidzi yakutali, poganiza kuti inu oyandikira mumakatunga m'tauni. Chonsecho mavuto a tauni amayamba kufika kwa inu: mchenga wa mumtsinje wa Likangala ukukumbidwa, mitengo ikuthera kuwotchera njerwa, nyumba zikumangidwa popanda kusiya njira yoti ambulansi idutse.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, aima pa nsanamira zitatu: ulimi wa malonda, mafakitale ndi kukula kwa matauni. Mudzi wanu uli pamene nsanamira yoyamba ndi yachitatu zikulimbanirana malo amodzi. Maganizo anga ndi akuti makhonsolo awiriwa akanakhala pamodzi n'kujambuliratu mapu a midzi yozungulira mzinda: apa msewu, apa sukulu, apa madimba osamangapo. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limawalola kutero ngakhale kumudzi. Tikachedwa, mapaipi a madzi a kudamu la Mulunguzi adzafika atasowa podutsa, nyumba zitathithikana kale.

Choyamba choti muchite n'kudziwa mbali imene muli. Khansala amene munamuvotera amakakhala kukhonsolo iti? Yankho lake ndilo ofesi yanu, asakuzunguzeninso. Ngati ndi ya boma, njira yake ndi ija ya mphamvu ku anthu imene inayamba mu 1998: nkhani imachokera ku VDC, komiti ya chitukuko ya pamudzi, kupita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, kenaka kukhonsolo. Chimene sichinalembedwe mu pulani ya mudzi chimavuta kupatsidwa ndalama, kaya za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu) kaya za thumba lina, ngakhale mutalira chotani pamaliro pamene pabwera phungu. Pamsonkhano wa VDC musanene kuti "tikufuna chitukuko". Nenani kuti mabanja mwakuti akumwa pamjigo umodzi, wawonongeka kangati chaka chino, ndipo mlembi alembe inu mukuona. Za magetsi funsani ngati mudzi wanu unaperekedwa pamndandanda wa MAREP, pologalamu yofikitsa magetsi kumidzi, chifukwa maina a malo amadzera kukhonsolo komweko.

Malume musawayankhe mwachipongwe, mwina ali ndi ngongole imene sakuitchula. Itanani abale onse a bere la mayi anu, a gulupu akhalepo, ndipo mufunse kuti ndalamazo akufuna zigwire ntchito yanji. Ngati vuto ndi fizi kapena feteleza, mutha kubwereketsa chigawo cha dimbalo kwa nyengo imodzi, polemberana, malo n'kukhalabe anu. Mudzandilemberenso mukakumana, ndimve kuti malumewo anati chiyani.