Ine voti yanga ndi Famicom yofiira ija

Achimwene, mwafunsa kuti pa makina akale a magemu ndi makompyuta akale, ndi ati amene maonekedwe ake amatikoka mtima, kunena bokosi lenilenilo osati magemu ake. Inu mwati PlayStation 2 yakuda ija ikaimikidwa chilili palibe yoiposa. Sindikutsutsani, ndi yokongola ndithu, ndipo ndiibwereranso. Koma ine mtima wanga uli pa Famicom yoyambirira, imene Nintendo inatulutsa ku Japan pa 15 July 1983. Mundipirire, nditalikitsako, chifukwa nkhani imeneyi ndimaikonda kwabasi.

Kwa amene simunaionepo, kafufuzeni chithunzi chake kaye. Ndi kabokosi kakang'ono, koyera ngati mkaka, kokhala ndi zigawo zofiira moderako, ndipo mapadi ake, zogwirira za mabatani zoseweretsera zija, ndi ofiira okhala ndi nkhope ya golide. Masayuki Uemura, injiniya amene anatsogolera ntchito yokapanga, anafotokozapo kuti kufiirako kunachokera kwa mkulu wa kampaniyo, Hiroshi Yamauchi, yemwe ankakonda kuvala sikafu ya mtundu womwewo. Koma mtundu wokha si umene umandigwira. Taonani m'mbali mwake: uku ndi uku kuli kamphako kolowetsamo padi, moti mwana akamaliza kusewera amabwezera padi iliyonse m'malo mwake, chinthu chonse n'kukhala pamodzi mwaudongo. Pamwamba pali kachitsulo kofiira, ndinene kuti kapulasitiki, kamene ukakakankha katiriji, kabokosi kokhala ndi gemu kamene umalowetsa m'makinamo, imadumpha yokha. Katirijiyo munthu akhoza kuizula ndi dzanja popanda vuto, koma anakaikabe kuti mwana asangalale ndi kudumphako. Padi yachiwiri ilibe mabatani a Select ndi Start, m'malo mwake ili ndi maikolofoni, ndipo magemu ena ankafuna kuti ufuuliremo kapena upemereremo. Mawaya a mapadi ndi aafupi komanso omatiriridwa ku makinawo, zomwe zikusonyeza kuti ankaganizira ana okhala pansi pafupi ndi TV m'chipinda chaching'ono. Dzina lake lonse ndi Family Computer, ndipo ukakayang'ana sikabisa chomwe kali. Ndi choseweretsa cha pabanja, ndipo sikachita nazo manyazi.

Tsopano ikani pambali pake NES (Nintendo Entertainment System), yomwe m'kati mwake ndi makina omwewo koma inapita ku America mu 1985. Kumeneko msika wa magemu unali utagwa mu 1983, eni masitolo atatsala ndi katundu wosagulika, ndipo mawu akuti gemu sankafuna n'kuwamva komwe. Ndiye Nintendo inaveka makinawo malaya ena. Lance Barr, wojambula wa Nintendo ku America, anajambula bokosi lotuwa la makona, lokhala ndi kachitseko kutsogolo, kuti lioneke ngati deki ya vidiyo. Katiriji umailowetsa chogona kenako n'kuidinikizira pansi. Ambiri muno mwatchula NES, ndipo ndikumvetsa, ili ndi ulemu wake. Koma kalowetsedwe kameneka kankafoola timano 72 tachitsulo ta m'kati togwira katiriji pakapita nthawi, fumbi n'kulowapo, nyali yofiira n'kumangophethira, ana n'kumapemerera m'katiriji. Pofika 1993 anatulutsa NES ina yolowetsera katiriji pamwamba, kubwerera ku njira ya Famicom ija. Kwa ine bokosi lotuwalo analipanga poganizira mantha a mwini sitolo, pomwe lofiiralo analipanga poganizira manja a mwana.

Chomwe chimandikhudza kwambiri n'chakuti ambiri a ife kuno tinasewerapo Famicom osaidziwa nkhope. Mukukumbukira ma TV gemu aja ankagulitsidwa m'misika ndi m'mashopu, okhala ndi makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi, koma ukatsegula n'kupeza ndi ochepa omwewo akungobwerezedwa? Pamodzi ndi kamfuti kowombera abakha pa TV? M'kati mwa zimenezo munali Famicom yokopera, ndipo makatiriji achikasuwo ndi a timano 60, kukula kwake kofanana ndi a ku Japan, osati aakulu otuwa a ku America. Koma thupi lakunja ankabwereka kwina. Ena anali akuda okhala ndi chozungulira pamwamba, kutengera Sega. Pambuyo pake kunabwera otuwa okhala ndi chivindikiro, kutengera PlayStation, ena olembedwa PolyStation, moti ukatsegula chivindikirocho poyembekezera malo a CD umapeza kamphako ka katiriji. Kwathu inalipo yakuda ija, ndipo ana a nyumba zoyandikana ankadzaza pabalaza Loweruka kudikira kuti padi iwafike. Nditakula n'kudzaona Famicom yeniyeni pa intaneti, ndinamva ngati ndakumana ndi wachibale amene ndinkangomumva mawu pa foni zaka zonsezi.

Yachiwiri pa mtima wanga ndi mwini wake wa malaya akuda aja, Sega Mega Drive, koma yoyamba, ya 1988 ku Japan, imene ku America inatchedwa Genesis mu 1989 ndipo ku Ulaya inafika mu 1990. Iyi ndiye yosiyana kotheratu ndi Famicom, ndipo ndimaikonda pa chifukwa chomwecho chakuti imanena poyera amene ikumufuna. Ikufuna mnyamata wa kusekondale amene akuona kuti wakula. Yakuda bii, chozungulira chachikulu pamwamba ngati cha choimbira ma CD, ndipo pakati pake analembapo 16-BIT ndi zilembo zonyezimira kuti aliyense aone mphamvu yake asanaiyatse n'komwe. Kumanzere kuli mabatani ndi timipata totulutsira kutentha, kotero siyolingana mbali zonse, imaoneka ngati chida cha m'situdiyo. Ndipo kutsogolo kuli kabowo ka mahedifoni ndi kabatani kotsetsereka kokwezera mawu. Pa mtundu woyambawu, mawu a sitiriyo ankatulukira pa kabowo kameneko, pomwe waya wopita ku TV unkapereka mawu a mbali imodzi. Mtundu wachiwiri wa 1993 unachepetsedwa thupi, kabowoko n'kuchotsedwa, ndipo kwa ine ulemerero wake unapita nako. Si zodabwitsa kuti okopera aja anasankha thupi limeneli. Ankadziwa kuti likakhala pa shelefu limaoneka lodula.

Mchemwali wina pamwambapa watchula Atari 2600 ya 1977 chifukwa cha kutsogolo kwake kooneka ngati thabwa. Ndikugwirizana nanu mchemwali. Nthawi imeneyo ma TV ndi mawailesi a pabalaza ankakhala m'mabokosi a matabwa, ndiye Atari inafuna kukhala ngati mpando kapena kabati ya m'nyumbamo. Thabwalo si lenileni, koma timaswichi tachitsulo 6 tija ta mitundu yoyambirira timalira bwino ukatikankha, ndipo chogwirira chake cha ndodo imodzi ndi batani limodzi lofiira munthu amachimvetsa osaphunzitsidwa.

Palinso kena kamene sikanatchulidwe muno, PC Engine ya NEC ndi Hudson Soft, ya 1987. Koyera, pafupifupi masentimita 14 m'litali ndi m'lifupi momwe, magemu ake ali pa timakhadi tofanana kukula ndi khadi la ku banki. Katafika ku America mu 1989 anakakulitsa, n'kukadetsa, n'kukatcha TurboGrafx-16. Chimodzimodzinso Super Famicom ya 1990, yolowa m'malo mwa Famicom, yosalala m'makona, ya mabatani anayi ofiira, achikasu, obiriwira ndi abuluu: ku America inasanduka ya makona akuthwa ndi mabatani a pepo, pomwe ya ku Ulaya inasunga maonekedwe a ku Japan. Mukaziika pamodzi mudzaona nokha kuti kawirikawiri thupi loyambalo ndilo limakhala ndi moyo.

Ku makompyuta, ine sindizengereza, ndi ZX Spectrum ya Sinclair, ya ku Britain, April 1982. Anaijambula ndi Rick Dickinson. Kompyuta yonse ndi kiyibodi yokha, yakuda, m'lifupi pafupifupi masentimita 23, yoti ukhoza kuibisa pansi pa buku la sukulu. Pakona ya kumanja pansi pali mizere inayi yopendekera ya utawaleza, kulengeza kuti iyi ikuonetsa mitundu, pakuti ZX81 imene inatuluka iyi isanabwere inkangoonetsa zakuda ndi zoyera. Mabatani ake 40 ndi a labala, ndipo anthu ambiri ankawadandaula kuti ndi ofewa, salembeka mwachangu. N'zoona. Koma labalayo ndi imodzi mwa njira zimene zinatsitsa mtengo mpaka mapaundi 125 ya memore ya 16K ndi mapaundi 175 ya memore ya 48K, ndipo pa mtengo umenewo mabanja wamba anatha kuigula. Chimene ndimachikonda koposa ndi zolemba za pa mabatanipo. Pafupifupi batani lililonse lili ndi mawu angapo a BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu, oyera, ofiira ndi obiriwira, pamwamba pake ndi pansi pake. Ukadina J pamatuluka LOAD, ukadina P pamatuluka PRINT. Ndiye kuti mwana amene wangofuna kusewera gemu ya pa kaseti, maso ake akukumana tsiku ndi tsiku ndi mawu olembera mapulogalamu, mpaka tsiku lina amayesa. Nkhope ya makinawo inali buku lophunzirira. Anthu ambiri amene anadzakhala opanga magemu ku Britain anayambira pa mabatani a labala amenewa, ndipo ine ndimaona kuti kukongola kwa mtundu uwu n'kozama kuposa kunyezimira.

Commodore 64 ya chaka chomwecho ndimailemekeza chifukwa cha mawu ake, koma thupi lake lonenepa la bulauni, limene Angelezi amalifanizira ndi bokosi losungiramo buledi, silinditenga mtima. BBC Micro ya Acorn ili ndi mzere wa mabatani ofiira pamwamba umene ana a sukulu a ku Britain a m'ma 1980 amauzindikira ali patali. Macintosh ya 1984 ndiyo ndimaipatsa ulemu wapadera: sikirini ya mainchesi 9, kamphako ka disiki kamene kamapangitsa kutsogolo kuoneka ngati nkhope, pogwirira pamwamba kuti uinyamule ndi dzanja limodzi, ndipo m'kati mwa bokosilo, momwe mwini wake sangaonemo, anthu amene anaipanga anasainamo mayina awo pa pulasitiki.

Kwa amene mukusunga makina oyera kapena otuwa a nthawi imeneyi, pulasitiki yake imasanduka yachikasu ikamawombedwa ndi dzuwa ndi kutentha, ndipo dzuwa lathu la October silichita chifundo. Super Famicom imadziwika nazo kwambiri, mpaka chigawo chapamwamba ndi chapansi zimasiyana mtundu. Musaziike pawindo, ndipo ngati muli ndi Game Boy ya 1989 ija yotuwa ya kona imodzi yozungulira, chotsanimo mabatire anayi aja musanaiike m'kabati, chifukwa akatayikira amadya zitsulo za m'kati.

Tibwere ku PlayStation 2 yanu, achimwene. Anaijambula ndi Teiyu Goto wa ku Sony, yemwenso anajambula PlayStation yoyamba ya 1994 ndi zizindikiro zinayi za pa padi. Iye anafotokoza kuti cha makona atatu chikuimira komwe munthu akuyang'ana, cha makona anayi chikuimira pepala kapena menyu, chozungulira ndi inde, mtanda (X) ndi ayi. N'chifukwa chake magemu a ku Japan ankavomereza ndi chozungulira, pomwe amene ife tinazolowera amavomereza ndi mtanda. PS2 inatuluka mu 2000, ndipo mizere yake yakuda ija ndi kabuluu ka pa zilembo zinaipangitsa kuoneka ngati nyumba yosanja ikaima pafupi ndi TV. Inali ya munthu wamkulu amene akufunanso choonera DVD, ndipo ku mabanja ambiri inagwiradi ntchito ziwirizo. Ndikanaiika pachitatu, kumbuyo kwa Famicom ndi Mega Drive. Ngati yanu ikadalipo, yang'anani kachizindikiro ka PS kamitundumitundu kamene kali pa thireyi ya disiki. Kagwireni ndi zala n'kukapotoza. Kamatembenuka, kuti kakhale kowongoka kaya makinawo mwawagoneka kaya mwawaimika, ndipo ndakumanapo ndi anthu amene anakhala nayo zaka khumi osakadziwa.