Za namasupuni ndi madzi a ku migodi, ine zinandionekera

Achimwene mwanditokosa pachilonda ndi nkhani yanu yofuna kuyeretsa madzi a ku migodi ndi namasupuni, mpaka ndasiya nsima kuti ndilembe. Ine ndinali ndi kadimba kuseri kwa ma room cha ku Roodepoort ku Joni, dump ya yellow ija (chimulu cha dothi lotsala ku migodi) ikuonekera poteropo, mpiru, repu, chainizi, azimayi akwathu amabwera okha kudzaoda. Madzi ndimatunga mu kamtsinje ka kumunsi. Landilodi anati madziwo ndi abhobho, ungokumba dzenje uikemo namasupuni, mizu yake imayamwa lead ndi zitsulo zinazo. Ndinakatenga thumba lonse ku damu la Hartbeespoort, kumeneko wadzadza ngati pa Shire ku Liwonde paja.

Namasupuni woyamba anafa sabata isanathe, madzi a mu kamtsinjeko ndi a acid ochokera m'migodi yakale ya golide, mtundu omwe uja unasefukira cha ku Krugersdorp, kufupi ndi Roodepoort, mu 2002. Ndinathira laimu wochepetsa acid, namasupuni wachiwiri anagwira, madzi kuyera mbee ine nkumadzitcha dolo. Atachuluka ndinamuzula nkumukwirira m'mabedi ngati manyowa. Eee. Chitsulo sichiwola abale, zonse zomwe anayamwa ndinazithira ndekha pa ndiwo.

Abwana omwe ndimawagwirira piece job ndi amene anatenga dothi langa kukayezetsa ku lab. Anandiimbira Loweruka m'mawa nditamanga kale mipukutu, azimayi awiri ataima ndi mabeseni, wina mwana kumbuyo, mwana oti wakhala akudya ndiwo zangazo miyezi. Akuti lead wakwera, usagulitse olo tsamba limodzi. Miyendo inazizira, foni ili kukhutu ine ndikungoyang'ana kamwanako kakuyamwa chala. Ndinanama kuti ndapopera mankhwala dzulo, mayiyo nkunena kuti tikatsuka bambo, ndinachita kuwalanda mpukutu m'manja. Madzulo ndinazula dimba lonse ndekha, misozi ili chuchuchu munthu wamkulu.

Landilodi uja nditamuuza anangoseka, akuti aliyense amadya zomwezo sanafe, kenako nkundiuza kuti renti ya malo a dimba ndilipirebe mwezi umenewo. Munthu wakhala pamenepo zaka zonsezi, iye madzi amamwa ogula m'mabotolo, amadziwa bwinobwino ameneuja. Mpaka lero ndikamuona mtima umachita phaa.

Komabe musataye mtima, zomerazi zimagwira ntchito ndithu, madambo a Klip River kumunsi kwa Soweto amagwira zitsulo zambiri ndithu ndi bango lomweli. Inuyo dzalani bango, namasupuni kuno ndi oletsedwa kudzala, ine ndinamva mochedwa. Yambani ndi laimu, madzi adekhe masiku angapo, mukazula zomerazo osapatsa mbuzi kapena nkhuku, osapangira manyowa. Kumwa ayi. Kuthirira ndiwo muyambe mwayezetsa madzi ndi dothi lomwe, kuyera kwa madzi kusakunamizeni, uranium, chitsulo china choopsa cha m'migodi, saoneka ndi maso. Ineyo pano ndimathirira a pa mpopi, bilu imandiwawa koma ndimagona tulo.