Mafunso Anu: Kodi Misika ya Pansi pa Denga Limodzi Inayambira Kuti?

FUNSO: Akonzi, mdzukulu wanga akuti misika ya masitolo ambiri m'chinyumba chimodzi, yonga Gateway Mall ya ku Lilongwe, inayambira m'katauni kena ku America, osati mumzinda waukulu ngati New York. Kodi zimenezi n'zoona, nanga anaiyambitsa ndani? (Bambo wa ku Mchinji)

YANKHO: Mdzukulu wanuyo sanakunamizeni, bambo. Msika umene ambiri amauwerengera kukhala kholo la misika yamtunduwu ndi Southdale Center, umene unatsegulidwa mu Okutobala 1956 ku Edina, kufupi ndi mzinda wa Minneapolis m'chigawo cha Minnesota. M'chaka cha 1950 tauni ya Edina inali ndi anthu osakwana 10,000. Ena amati Valley Fair ya ku Appleton m'chigawo cha Wisconsin ndiyo inatsogola, koma kamangidwe kamene misika ina inatengera ndi ka Southdale.

Zifukwa zake zinali ziwiri, kuzizira ndi magalimoto. Ku Minnesota chisanu chimafika poumitsa nyanja, ndipo munthu sangayende sitolo ndi sitolo mumsewu wodzaza chipale chofewa. Komanso nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, mabanja ambiri anagula magalimoto n'kusamukira kunja kwa mizinda, moti a banja la Dayton, eni sitolo yaikulu ya ku Minneapolis, anaona kuti n'kwanzeru kuwalondola makasitomala komweko. Ntchito yojambula pulani anaipereka kwa Victor Gruen, Myuda wa ku Vienna m'dziko la Austria amene anathawa chipani cha Nazi mu 1938.

Chimene Gruen anachita chinali kutembenuza msewu wa masitolo kuti uyang'ane m'kati. Kunja anasiya makoma opanda mawindo oonetsera malonda, ndipo zitseko za masitolo 72 zinaloza pabwalo lapakati lofoleredwa, pamene panali mitengo, dziwe la nsomba, chikwere chachitali cha mbalame ndi mipando yomwerapo khofi. Makina ankasunga mpweya pa madigiri pafupifupi 24 chaka chonse. Nzeru yaikulu, mwa kuona kwathu, inali kuika masitolo awiri opikisana, Dayton's ndi Donaldson's, mbali ziwiri zosiyana za chinyumbacho, kuti wofuna kuyerekeza mitengo adutse pamakomo a masitolo ang'onoang'ono, n'kutuluka atagula zimene sanabwerere. Ntchito yonse inadya madola pafupifupi 20 miliyoni, ndipo panja panali malo oimika magalimoto oposa 5,000, ogawidwa ndi zikwangwani za zithunzi za nyama pofuna kuti munthu asaiwale pamene wasiya galimoto yake.

Chodabwitsa n'chakuti Gruen mwiniyo sankawakonda magalimoto. Iye ankalakalaka mabwalo a kwawo ku Vienna, kumene anthu amayenda pansi, kukhala ndi kucheza, ndipo pulani yake inali yoti msikawo ukhale pakati pa mudzi wathunthu wokhala ndi nyumba zogonamo, sukulu, chipatala ndi paki. Zambiri mwa izi sizinamangidwe monga anafunira, chifukwa mtengo wa malo ozungulira utakwera, malowo anagulitsidwa kwa omanga ena. Amalonda m'dziko lonselo anakopera chinyumba ndi bwalo la magalimoto, n'kusiya mudzi. Lamulo la msonkho la 1954, limene linkalola omanga kuchotsera msanga ndalama zomangira pa msonkho wawo, linawonjezera liwiro, ndipo m'matauni ang'onoang'ono ambiri masitolo akale a pamsewu waukulu anayamba kutsekedwa. Polankhula ku London mu 1978, Gruen anaikana poyera misika yotereyi ngati bambo wokana ana, ndipo anamwalira ku Vienna mu 1980.

Southdale ikadalipo, ngakhale kuti yaona zokhoma. Mu 1992 msika waukulu kwambiri wa Mall of America unatsegulidwa ku Bloomington, tauni yoyandikana nayo, ndipo pambuyo pake kugula pa intaneti kunachepetsanso anthu. Dzina la Dayton's linachotsedwa mu 2001, ndipo kuyambira 2006 sitoloyo ndi ya Macy's. Pamene panali sitolo ya JCPenney panamangidwa malo ochitira masewera olimbitsa thupi, amene anatsegulidwa mu 2019, ndipo mbali zina za bwalo la magalimoto lija tsopano pali nyumba zosanjikizana zogonamo anthu ndi hotela.